Tayi ya a Chimbalanga mumtambo wa ku Chitala

Tsiku limene ndinkakwera lole kuchoka kwathu ku Ntchisi kutsatira agogo anu aamuna kuno kunyanja, azakhali anga anandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza kuti, "Naphiri, kumene ukupitako, munthu akakuuza kuti usaope, pomwepo ndiye uyambe kuyang'ana kumene kuli khomo." Sanandipatse chinanso, ngakhale kansalu. Koma mawuwo ndawavala mpaka lero, ndipo sanang'ambike.

Ana inu mumandiseka, ndikudziwa. Mumati agogo amanunkhiza ndi mchere womwe, agogo amafunsa wakabaza dzina la amayi ake asanakwere. Sekani. Inu mumatsegulira chitseko aliyense amene wakutumizirani uthenga pafoni. Ine ndikulemba izi ndi dzanja langa, zilembo zikuluzikulu ngati za mwana wa sitandade wani, chifukwa ndikapatsa mmodzi wa inu kuti andilembere adzawonjezamo zake.

Tinafika kuno m'masiku a chipani chimodzi. Agogo anu anali mphunzitsi, ndipo nyumba yathu inali ya sukulu, ya malata otentha ngati chiwaya. Ine wa kumapiri ndinkagona pamkeka wonyowetsa. Ndinaphunzira kuphika mpunga osaupsereza, kudya utaka, kusungunula bwemba m'phala, kusita malaya oyera ndi simbi ya makala popanda kudonthezera phulusa. Ndinaphunziranso kutseka pakamwa. Khadi ya chipani inkafunsidwa pamsika, pachigayo, pokwera basi. Mphunzitsi mnzawo wa agogo anu anaseka nthabwala ina pamaliro, sabata isanathe nyumba yake inali ndi loko, ndipo palibe anafunsa kumene anapita. Ndiye mukamati ndine wokayikira, dziwani kuti sukulu yake ndinalowa yabwino.

Nthawi imeneyo kunali anthu olimbikitsa ulimi wa thonje, ndipo anali ndi kandege kawo ka mipando inayi kamene kankatera pabwalo la kufupi ndi tauni. Woyendetsa wake anali mzungu wowonda, wa makutu ofiira. Dzina lake lenileni sindinaligwire. Anthu ankangomutchula kuti a Tidikire, chifukwa akafunsidwa kuti ndege inyamuka liti, ankaima manja m'chiuno, n'kuyang'ana kumapiri a ku Dowa nthawi yaitali, kenako n'kunena m'Chichewa chake chothyokathyoka kuti, "Tidikire." Amuna a pamsika ankati ndi wamantha. Ena ankati ndi ulesi chabe, amafuna kumwa tiyi pamthunzi. Ine mumtima ndinkati munthu wodikiritsa anzake ali ndi chimene akubisa.

Atate anu a Lameki anali asanayambe n'komwe kuguluka mano pamene anadwala. Inali mvula ya mu February, ija yosadziwa kuleka. Mwana anayamba kusanza, mimba n'kutupa, n'kuuma gwa ngati ng'oma. Tinamunyamula m'mawa kupita kuchipatala, ndipo adokotala atamupapasa anatiitanira pambali. Anati matumbo apotana, pakufunika opaleshoni tsiku lomwelo, koma wodziwa kung'amba mimba ya mwana ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre.

Inu lero mumakwera minibasi kumwera tiyi ku Salima, nkhomaliro n'kukadyera ku Lilongwe. Nthawi ija msewu unali wadothi, ndipo madzi anali atakokolola mlatho. Sitima ya pamtunda yopita kummwera inali itadutsa dzulo lake, ndiponso inkayenda ngati ikupepesa pasiteshoni iliyonse. Kunatsala kandege kaja. Adokotala anatuma munthu pa njinga, ndipo yankho linabwera lakuti tibwere kubwalo.

Ndinathamangira kunyumba kukamanga katundu. Wodikirira wodwala kuchipatala sapita chimanjamanja: mphika, ufa, nyemba, kamtolo ka nkhuni, mkeka, beseni. Mnansi wanga Abiti Saidi, mkazi wa msodzi, anandithandiza kusenza mpaka kubwalo. Titafika, a Tidikire ananyamula katunduyo mmodzimmodzi m'manja, ngati akugula nkhuku, n'kupukusa mutu.

"Izi zitsala, amayi. Ndege ikalemera siikwera msanga. Kutsogolo kuli mapiri."

"Nanga ndikaphikira chiyani? M'chipewa chanucho?"

"Mwana ndi inu. Nsalu imodzi. Basi."

Abiti Saidi anati, "Siyani kuno, amake Lameki, ndikusungirani. Inshallah mubwera naye akuyenda yekha." Ndinamupatsa, koma ndinayamba ndakanda chizindikiro kunsi kwa mphika ndi mwala iye akuyang'ana kumbali.

Tinkayembekeza kuti agogo anu akhala mpando wakutsogolo. Koma kunafika Landirova, n'kutsikamo a Chimbalanga, wapampando wa chipani m'dera lathu, atavala suti yakuda ndi tayi yofiira. Anali ndi msonkhano wa akuluakulu ku Lilongwe, ndipo mlatho unawatsekereza monga unatitsekereza ife. Sanapemphe. Anangoika chikwama pampandopo. A Tidikire anayang'ana thupi la a Chimbalanga, n'kuyang'ana agogo anu, n'kunena kuti amuna awiri sangakwere. Agogo anu anavula chipewa n'kubwerera m'mbuyo.

"Pitani bwino, amake Lameki," anatero. Sanathe kunena china pamaso pa anthu aja.

A Tidikire analankhula pa wailesi nthawi yaitali, kenako anaima manja m'chiuno kuyang'ana kumadzulo. Kumapiri kunali mitambo yoyala, koma pakati pake pankaoneka mipata ya buluu.

"Tinyamuke, bambo," anatero a Chimbalanga. "Lero za tidikire ayi."

"Akuti ku Lilongwe kwatseguka pang'ono," anayankha a Tidikire. "Tiyesa chifukwa cha mwana. Tikapeza khomo tidutsa. Likatseka tibwerera. Ndanena pano, pansi, kuti tisakangane kumwamba."

A Chimbalanga anaseka n'kutembenukira kwa ine. "Musaope, mayi. Muli ndi ine."

Ana inu, ndinakumbukira mawu a azakhali aja. Ndinayang'ana kandegeko, ndipo khomo lake linali lija lokatsekedwa ndi munthu wina. Pamene a Tidikire ankandimanga lamba, mwana ali pamiyendo panga, ndinawafunsa motsitsa mawu, "Inu, ndiuzeni zoona. Ndiope?"

"Ndege musaiope kwambiri," anatero. "Mtambo muuope. Inenso ndimauopa. M'kati mwake mumabisala mapiri."

Chibadwire ndinali ndisanamve mwamuna akuvomera mantha pamaso pa mkazi. Sindinadziwe pomuika.

Kutsogolo kunali ziwongolero ziwiri, china kwa woyendetsa, china patsogolo pa a Chimbalanga, ndipo china chikagwedezeka chinzake chinkagwedezekanso. A Tidikire analoza cha a Chimbalanga n'kunena kuti, "Ichi musakhudze. Zivute zitani." A Chimbalanga anayankha kuti anakwerapo ndege zazikulu kuposa kachitini aka.

Za kunyamuka sindikumbukira bwino, chifukwa ndinali nditaika tsaya pamphuno pa mwana kuti ndimve ngati akupuma. Nditadzutsa mutu, pansi panali minda ya chimanga ya ku Chitala, yobiriwira, madzi ali nyezinyezi m'mizere. Ng'ombe zinkaoneka ngati nyemba zotayika. Kutsogolo nthaka inkakwera, ndipo ifenso tinkakwera, kulunjika mpata wina pakati pa mitambo iwiri yoima ngati zipupa. Kandegeko kankadumphadumpha. A Chimbalanga, aja a ndege zazikulu, anapempha kathumba ka pepala, ndipo asanawerame anaponya tayi yawo kumbuyo kwa phewa kuti isade. Inagwera pafupi ndi bondo langa.

Mpata uja sitinaufike. Unayamba kuchepa tikuuona, ngati bala likupola. A Tidikire anacheuka kuyang'ana kumene tinachokera, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha. Kumbuyonso kunali kutatseka. Minda inazimiririka, kenako nsonga ya phiko, kenako zonse zinangoti mbuu. Kumwamba kuyera, pansi kuyera, kumbali kuyera. Madzi ankayenda pagalasi chokwera m'malo motsika.

"Tikubwerera," anatero a Tidikire.

"Kubwerera kuti? Lilongwe ndi apa. Boolani mtambowu, kuseriko kuli dzuwa."

A Chimbalanga anakweza mawu.

"Ukudziwa amene akundidikira kumeneko? Ukufuna ndikanene kuti wandichedwetsa ndani?"

A Tidikire sanawayang'ane, ndipo sanayang'anenso panja. Maso awo anali pa timawotchi ta patsogolo pawo, makamaka kamodzi kozungulira, kokhala ndi mzere pakati ndi chithunzi cha timapiko. Ankangosuntha maso kuchoka pa ako kupita pa kena n'kubwereranso, milomo ikugwedera ngati akupemphera. Anati tikubwerera, koma ine sindinamve kukhota kulikonse. Thupi langa linkati tikupita molunjika. Ndinati mumtima, mzunguyu akunama, kapena wasokonezeka. Ndipo mbali ina ya mtima wanga inkafuna kuti tipitedi molunjika, chifukwa mwana anali atasiya kubuula, ndipo kusabuulako kunkandiopsa kuposa kubuula.

Kenako a Tidikire anasuntha chiwongolero pang'ono, ndipo pomwepo ndinamva ndege ikupendekera kumanja. Ndinamva ndithu, monga mukumvera mpando umene mwakhalirawo. Ndinakanikiza phazi pansi, n'kukumbatira mwana kuti asagubuduke. A Chimbalanga anamvanso chimodzimodzi.

"Tikugwa. Iwe, tapendekeka, sukuona?"

"Tili bwino. Thupi likunama. Khalani phee."

"Wongola ndege."

"Yawongoka kale."

A Chimbalanga anagwira chiwongolero chawo ndi manja onse awiri n'kupotozera kumanzere. Anali munthu wamphamvu, wakale wonyamula mabelo a thonje. Kulira kwa mphepo kunakwera, thupi langa linalemera ngati andisenzetsa thumba la chimanga, ndipo mutu wa mwana unakanikiza mkono wanga. A Tidikire ankalimbana nawo, maso osachoka pa kawotchi kaja, akunena mawu amodzi okhaokha, "Manja. Manja. Chotsani manja."

Tsono mvetsani pamene ndinali. Thupi langa, limene silinandinamizepo, limene linkadziwa mvula isanagwe ndi mimba isanaoneke, linkagwirizana ndi a Chimbalanga. Linkati iwowo ndiwo akuwongola ndege. Maso analibe chonena, chifukwa panalibe choona. Ndinatsala ndi amuna awiri, ndipo onse sindinkawakhulupirira. Koma mmodzi anandiuza kuti ndisaope, winayo anandiuza chimene ndiyenera kuopa.

Tayi ija inali pomwepo. Ndinaikulunga kudzanja ngati chingwe cha mbuzi yolowa m'munda, n'kukoka ndi mphamvu zonse za mkazi wosinja. Mutu wa a Chimbalanga unagunda mpando, manja onse n'kuthamangira kukhosi. Sindinasiye. Ndinangofewetsa pang'ono kuti apume, n'kugwirabe, dzanja lina lili pa mwana.

Mphepo inatsika mawu pang'onopang'ono. Kulemera kunachoka. A Tidikire sanacheuke, anangoti, "Gwiranibe, amayi."

Tinakhala m'kuyera kuja nthawi imene sindingaiyeze. Thupi langa linkanenabe kuti tapendekeka, ndipo ndinkalimva likukuwa m'makutu. A Tidikire anayamba kulankhula, kaya ndi ine kaya ndi iwo eni. Anati mumtambo munthu akakhota pang'onopang'ono thupi silimva, ndiye akawongoka limayesa wapendekera mbali inayo. Anati nawonso ankamva zomwezo, koma anaphunzitsidwa kusalimvera thupi, kumvera kawotchi kaja. Anati sitingatsike tsopano ngakhale tikufuna kuona pansi, chifukwa mapiri akadali m'munsimu. Tipita kum'mawa kaye, kunyanja, kumene kulibe choti tigunde, ndipo tikatsikira kumeneko.

Injini inatsitsa mawu. Makutu anatseka. Kuyera kunayamba kuda, kenako kung'ambika, ndipo pansi panaoneka madzi otuwa ndi bwato limodzi, amuna awiri atayang'ana kumwamba. Pomwepo thupi langa linawongoka lokha, ngati silinanenepo kanthu. Chichokereni tsiku limenelo sindilikhulupiriranso kwenikweni.

Ndinamasula tayi. A Chimbalanga anakhosomola, osatembenuka.

Ine ndinkayesa titera ku Salima konkuno, ndipo ndinayamba kuganiza za mawu okauza agogo anu. Koma a Tidikire analankhulanso pa wailesi, n'kugogoda kawotchi ka mafuta ndi chala, n'kunena kuti, "Ku Lilongwe kwatsekeratu. Kummwera kuli bwino, mitambo ili pamwamba. Mafuta akwana ndi kutsala. Tipita ku Blantyre, pansi pa mitambo, tikuona nthaka. Kukatsekanso titera pamene tingathe."

"N'kutali," ndinatero. "Mwanayu safika."

"N'kutali, amayi. Sindingalonjeze. Koma njira iyi ndikuiona."

Tinatsata gombe mpaka ku Chipoka, kumene ndinazindikira madenga a padoko, ndipo kuchokera pamenepo tinatsata njanji. Inkanyezimira m'tchire ngati ulusi wa singano. Pena mvula inkaima kutsogolo ngati chinsalu chakuda, ndipo a Tidikire ankaizungulira patali, n'kubwereranso ku njanji. Nthawi iliyonse imene ankazungulira ndinkafuna kuwakalipira. Milomo ya mwana inali itauma, ndipo ndinkainyowetsa ndi malovu anga. Ndinkamuitana, "Lameki, Lameki," ndipo pena chikope chinkagwedera, pena ayi. A Chimbalanga ankangosisita khosi ulendo wonsewo.

Titatera, galimoto ya chipatala inali ikudikira, chifukwa a Tidikire anali atanena pa wailesi. Pamene ankamunyamula mwana, a Chimbalanga anandiyandikira akukonza kolala. Mawu awo anali osasa.

"Mayi, amuna anu ndikuwadziwa. Ndi sukulu yawo yomwe."

Ndinatsatira mwana. Ndinakwera galimoto.

Chipsera chija chimene mumachiona pamimba pa atate anu akamasamba kunyanja, chimene iwo amakunamizani kuti inawaluma ng'ona, n'cha tsiku limenelo. Adokotala a kumeneko anangoti tafika, osanena kuti tafika bwino kapena mochedwa. Ndinakhala kuchipatalako masabata angapo wopanda mphika. Mayi wina wa ku Mulanje, wodikirira mwamuna wake, ankandigawira nyemba za kalongonda ndi chinangwa. Ndinkadya, koma iye akayamba. Tinabwerera pa sitima, mwana akuyenda yekha monga ananenera Abiti Saidi. Mphika wanga anandibwezera, chizindikiro chili pomwepo. Chivundikiro chokha ndimakayikabe.

Musayese nkhani inathera pamenepo. Mkazi wa mphunzitsi kukoka wapampando wa chipani pakhosi, masiku amenewo, sichinali chinthu choti munthu n'kugona nacho tulo. Agogo anu sindinawauze, chifukwa anali munthu woti akapatsidwa tiyi wa mkaka amafotokoza zonse. Anamwalira akudziwa kuti tinasochera mumtambo basi. Zaka zonsezo ndikamva Landirova ikuchepetsa liwiro pamsewu wa kusukulu, ndinkayamba kuganiza amene angalere ana. Ndinali ndi kachikwama komangiratu pansi pa bedi, muli juzi ya agogo anu ndi sopo. Tikaitanidwa amayi kukavina pamisonkhano, ndinkaima mzere wa kumbuyo. Tsiku lina maso athu anakumana, ndipo a Chimbalanga anakweza dzanja n'kukhudza pakhosi, kenako n'kuyang'ana kumbali. Kaya kunali kundiopseza, kaya manyazi, sindidziwa. Mwina kuti andinenere anayenera kufotokoza zimene manja awo ankachita, ndi amene anawaletsa. Sanabwere. Koma kusabwera kwa munthu sikuuza mtima kuti sabweranso, ndipo kachikwama kaja ndinakamasula a Chimbalanga ataikidwa m'manda.

A Tidikire sanathe chaka. Ena ankati mapepala awo okhalira m'dziko anakanidwa, ena ankati anangolakalaka kwawo. Ndinawaona kamodzi kokha pamsika akugula malambe. Anayang'ana mwana, n'kuyang'ana ine, n'kugwedeza mutu. Sitinalankhulane, chifukwa panali anthu. Amuna a pamsika anapitiriza kuwatchula wamantha, ndipo ine ndinkangosankha tomato.

Tsopano ndikuuzeni chimene ndalembera zonsezi. Ng'ala yakula m'maso onse awiri. M'mawa ndikatsegula chitseko, mtengo wa bwemba wa pabwalo suoneka, mpanda suoneka, zonse zimangoti mbuu, monga pamwamba pa Chitala. Dzana ndinaimirira pakhonde n'kumva nyumba ikupendekera kumanja. Ndinadziwa kuti ndi bodza lija, koma ndilibe kawotchi koti ndiyang'ane, ndiye ndinakhala pansi mpaka linatha. Atate anu akufuna kunditengera kwa adokotala a maso. Anaimba foni n'kunena kuti, "Amayi, musaope, n'zazing'ono." Mwana amene ndinamunyowetsa milomo ndi malovu anga, kundiuza mawu amenewo. Ndinadula foni.

Ndiye inu muzibwera. Musatume munthu, musatumize uthenga, mubwere ndi miyendo yanu. Mukafika pampanda muzitchula dzina lanu ndi la amayi anu, chifukwa mawu anu anyamata afanana onse. Mukandipeza ndakhala pansi pakhonde musandidzutse msanga, ndipo musandiuze kuti zonse zili bwino. Mundiuze chimene mukuona: pamene pali sitepe, pamene pali mbaula, chimene adokotalawo akachite ndi mpeni wawo ndi pamene pangalakwike. Amene adzandiuze choti ndiope, ameneyo ndidzamugwira mkono, ndipo tidzapita.

Loweruka ndimakhala ndilipo. Masiku enawonso ndilipo. Mudzaone ngati chitseko chatseguka.